Kasokedwe ka Zikuto za Zigamba Zokutira Makope a Sukulu

Chaka cha sukulu chikamayamba mu September, m'nyumba zambiri mumakhala ntchito yokutira makope atsopano ndi pepala la khaki, nyuzipepala kapena kalendala ya chaka chatha. Pepala lotere silichedwa kutha. Pamene mvula ikugwa mu November kapena December, kope limene limayenda tsiku ndi tsiku m'chikwama, m'jumbo kapenanso m'manja mwa mwana limakhala litang'ambika kale m'makona, ndipo pofika teremu yachiwiri kholo limayambanso kufunafuna pepala lina. Chikuto cha nsalu chimasiyana ndi pepala chifukwa sichimatidwa pa kope. Chimakhala ndi matumba awiri m'mene mumalowa katoni ya kutsogolo ndi ya kumbuyo ya kopelo, kotero kuti kope likadzaza chimavulidwa, kuchapidwa ndi kuvekedwa pa kope lina la msinkhu womwewo. Musanayambe ntchitoyi, funsani kaye aphunzitsi a mwanayo, pakuti alipo ena amene amafuna kuti makope onse a m'kalasi mwawo akutidwe mofanana.

Kusankha nsalu

Palibe chifukwa chogulira chitenje chatsopano. Atelala amene amasoka pa makhonde a masitolo amakhala ndi nyenyeswa za nsalu zimene zimangodzaza pansi pa makina, ndipo ambiri a iwo amapereka mwaulere kapena pa mtengo wochepa munthu akapempha mwaulemu. Zitenje zimene zatha pakati koma m'mphepete zikadali zolimba, shati yakale ya yunifolomu, ndiponso diresi la pa kaunjika limene silinakwane, zonsezi zimatulutsa zigamba zabwino.

Chofunika kuyang'anitsitsa ndi kulemera kwa nsaluzo. Sankhani za thonje zokhazokha, zimene makulidwe ake ndi ofanana ndi a chitenje wamba. Mukalumikiza chigamba cha jinzi ndi chigamba cha nsalu yopyapyala, cholemeracho chimakoka chinzake mpaka msoko kuphwasuka, ndipo nsalu yotamuka ngati ya tisheti imapotoka pansi pa singano kotero kuti makona sakumana. Nsalu ya nayiloni nayonso ilekeni chifukwa imasungunuka ikakhudzidwa ndi simbi yotentha, pamene ntchito imeneyi imafuna kusita pafupipafupi. Ine sindigwiritsanso ntchito nsalu za zipani kapena zokhala ndi nkhope za anthu, poti kope la mwana limadutsa m'manja mwa anthu ambiri ndipo si bwino kuti limuputire mikangano imene iye sakuidziwa.

Nsalu zonse zichapidwe musanadule. Thonje limafupika likachapidwa koyamba, choncho chikuto chosokedwa ndi nsalu yosachapa chimakwana lero koma n'kukana kulowa pambuyo pochichapa. Chapani mtundu uliwonse pawokha kuti muone imene ikutulutsa utoto, makamaka yofiira ndi yabuluu wodera. Imene ikupitiriza kudetsa madzi mutaitsukuluza katatu muichotse pa gulu, chifukwa idzaipitsa zigamba zoyera ndi mapepala a kope pa tsiku limene chikwama chidzanyowe. Zikauma, zisiteni kuti ziwongoke bwino.

Zida zake ndi za pakhomo: sizasi yakuthwa, tepi yoyezera, rula, pensulo kapena choko cha telala, mapini, singano, ulusi wolimba, simbi ndi kachidutswa ka katoni. Makina osokera opalasa ndi mapazi, monga a Singer kapena Butterfly, amafulumizitsa ntchito, ndipo singano ya nambala 14 imakwanira pa nsalu ya chitenje. Komabe chikuto chonse chimatheka kusokedwa ndi manja.

Kuyeza kope

Apa ndi pamene zikuto zambiri zimawonongekera. Kope liyezedwe lili lotseka. Ikani mutu wa tepi m'mphepete mwa katoni ya kutsogolo, muizungulitse pa msana wa kope, mpaka ifike m'mphepete mwa katoni ya kumbuyo. Chikuto changa choyamba ndinachiyeza pa kope lotsegula litagona pa tebulo, ndipo pochiveka chinakwana bwino kwambiri, koma nditafuna kutseka kopelo linangoti yasa pakamwa ngati chule, nsalu itakungika pa msana. Kope lotsegula limaoneka lalifupi chifukwa msana wake umapindikira m'kati, pamene likatsekedwa nsalu imayenera kuzungulira msana wonsewo. Ndinaphwasula misoko yonse ya m'mbali usiku womwewo.

Tiyerekeze kuti mukukutira kope lalikulu la katoni yolimba, la saizi ya A4, limene ophunzira a ku sekondale amakonda kulembamo manotsi. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Ngati msana wa kopelo ndi wa masentimita 2, tepi idzasonyeza 44 pozungulira, ndipo kuchokera pamwamba kufika pansi mudzapeza pafupifupi 30. Pa manambala awiriwa wonjezerani masentimita 2 a msoko, kutanthauza sentimita imodzi mbali iliyonse, kenaka wonjezeraninso sentimita imodzi ya mpata wopumira kuti kope lizilowa mosakakamiza. Motero nsalu ya kunja iyenera kukhala ya masentimita 47 ndi 33. Musadalire manambala angawa popanda kuyeza kope lanu, pakuti makope a mafakitale osiyana amasiyana ndi theka la sentimita kapena kupitirira, ndipo pa ntchito iyi theka la sentimita ndi lalikulu.

Kudula zigamba

Kwa amene akuyamba kumene, zigamba za mbali zinayi zofanana ndi zimene sizivuta. Dulani katoni ya masentimita 7 mbali zonse, imene ikhale patani yanu, ndipo muziika pa mbali ya kumbuyo ya nsalu n'kumazungulitsa pensulo. Chigamba chilichonse chidzataya sentimita imodzi mbali iliyonse pa msoko, kotero kuti chimene chidzaoneke pa chikuto ndi cha masentimita 5. Poika patani, onetsetsani kuti mbali zake zikutsata mmene ulusi wa nsaluyo wayendera. Chigamba chodulidwa mopendeka chimatamuka posoka, ndipo chimodzi chokha chimatha kukhotetsa mzere wonse.

Pa kope la chitsanzo chathu pakufunika zigamba 45, zimene zidzayalidwe m'mizere 5 ya zigamba 9 mzere uliwonse. Zigamba 9 zikalumikizidwa zimapereka masentimita 47 ndendende, ndipo mizere 5 imapereka 27. Kuti tifike pa 33, tidzasokerera lamba wa nsalu pamwamba ndi wina pansi, aliyense wa masentimita 47 m'litali ndi 5 m'lifupi. Malambawa akhale a nsalu yodera, chifukwa m'mphepete mwa kope ndi mmene mumagunda pansi pa chikwama ndi pa desiki, ndipo litsiro limayambira mmenemo. Ali ndi ntchito inanso, yoti m'mphepete musakhale misoko yambirimbiri imene ingaunjikane pamene mukulumikiza ndi nsalu ya m'kati.

Nambala ya 9 sinasankhidwe mwachisawawa. Zigamba zikakhala 7, 9 kapena 11 pa mzere, chimodzi chimakhala pakati penipeni ndipo chimagwera pa msana wa kope. Zikakhala 8 kapena 10, pa msanapo pamagwera msoko, pomwe ndi malo amene amapindika nthawi iliyonse imene kope latsegulidwa, ndipo ulusi wake sutha chaka usanaduke. Chigamba cha pakatichi muzisankha pa nsalu yolimba kuposa zonse.

Mukatha kudula, yalani zigamba zonse pa mphasa kapena pa tebulo mmene mukufunira kuti zidzaonekere. Zitenje zili ndi maluwa akuluakulu ndi mitundu yowala, choncho mukaika zamaluwa zokhazokha moyandikana maso amasowa popumira ndipo ntchito yanu yonse yodula imabisika. Njira yosavuta ndi kusinthanitsa chamaluwa ndi cha mtundu umodzi, chamaluwa ndi cha mtundu umodzi, mpaka mzere utha, ndipo mzere wotsatira uyambe ndi chimene sichinayambe pa woyambawo. Imirirani patali pang'ono n'kuyang'ana ngati mtundu wina waunjikana mbali imodzi. Mwana amene adzagwiritse ntchito kopelo apatsidwe mpata woyala nawo, ndipo ngati muli ndi foni jambulani mmene mwayalira, chifukwa kamphepo kamodzi kapena nkhuku yodutsa imatha kusokoneza zonse.

Kulumikiza

Tengani zigamba ziwiri zoyamba za mzere wa pamwamba, muzigwirizanitse mbali zake zowala zitayang'anana, ndipo musoke mbali imodzi pa sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Tsegulani, ikani chachitatu pa chachiwiri mofananamo, sokani, mpaka mzere wonse wa zigamba 9 utha. Sentimita imeneyi isasinthe pa msoko uliwonse. Mzere umodzi uli ndi misoko 8, choncho mukamapitirira ndi mamilimita 2 okha pa msoko uliwonse, nsalu zonse ziwiri zimataya mamilimita 4 palimodzi, ndipo pofika kumapeto mzerewo umakhala utafupika ndi masentimita oposa 3. Amene akusoka pa makina amate kachidutswa ka tepi womata pa chitsulo cha pansi pa singano, pa mtunda wa sentimita imodzi, kuti mphepete ya nsalu iziyenda motsata tepiyo. Amene akusoka ndi manja ajambule mzere wa pensulo pa chigamba chilichonse asanayambe.

Posoka ndi manja, musagwiritse ntchito kasokedwe kongolowetsa ndi kutulutsa singano mopita kutsogolo, chifukwa ulusi ukaduka pamodzi msoko wonse umasololoka. Sokani mobwerera m'mbuyo: singano ikatuluka, ibwerere kukalowa pamene panathera ulusi wapitawo, n'kukatulukira patsogolo pang'ono, mipata yake isapitirire mamilimita 3. Ulusi usatalike kuposa mkono wanu kuti usamapotane, ndipo poyamba ndi pomaliza bwerezani kawiri kapena katatu pa malo amodzi.

Mzere uliwonse ukatha, usitidwe musanaulumikize ndi unzake. Ambiri amafuna kudumpha gawo limeneli poganiza kuti adzasita zonse pamapeto, koma msoko umene wasokedwa kale mopindika simbi singauwongolenso. Gonekani misoko yonse ya mzere woyamba kuti iyang'ane kumanja, ya mzere wachiwiri kumanzere, ya wachitatu kumanja, motero mpaka kumapeto. Chifukwa chake chimaoneka pamene mukugwirizanitsa mizere iwiri: msoko wogonera kumanja ndi wogonera kumanzere imakolana ngati zala za manja awiri, ndipo mukagwira ndi chala mumamva kuti yakhalana bwino popanda chotupa. Bayani pini pa mphambano iliyonse yotere musanasoke, osati kumapeto kwa mizere kokha. Posita musamakoke simbi uku ndi uku ngati mukusita thalauza, koma muziiika, kudinikiza, kunyamula ndi kuiikanso patsogolo, kuti zigamba zisatamuke. Ngati simbi ndi ya makala, yalani kansalu koyera pamwamba kuti phulusa lisadetse ntchito.

Mizere 5 ikalumikizana, sokererani malamba awiri aja pamwamba ndi pansi, sitani misoko yake kuti igonere ku malambawo, ndipo muyeze nsalu yonse. Ikapitirira pa 47 ndi 33 cheperani mofanana mbali zonse ziwiri kuti chigamba cha pakati chisasunthe. Ikaperewera, sokererani kalamba kena m'mbali m'malo mochepetsa mpata wopumira uja.

Pamene nyenyeswa zili zazing'ono kwambiri kapena zosaumbika bwino, pali njira ina. Dulani nsalu yakale yopyapyala ya masentimita 47 ndi 33 kuti ikhale maziko, ikani kachigamba kamodzi pakati, gonekani kachiwiri pamwamba pake mbali zowala zitayang'anana, sokani mbali imodzi kubowoleza mpaka ku maziko, tsegulani ndi kusita, ndipo pitirizani chomwecho mozungulira mpaka maziko onse abisike. Njira imeneyi sifuna patani, ndipo imamaliza ngakhale tinsalu tofanana ndi chala.

Dzina la mwana lisokedwe tsopano, nsalu ya m'kati isanaikidwe. Dulani kansalu koyera ka masentimita 11 ndi 7, pindani m'mphepete monse, ndipo mukasokere pa theka la kumanja la nsalu ya zigamba, pakuti limenelo ndi limene lidzakhale kutsogolo kwa kope. Lembanipo dzina ndi phunziro pogwiritsa ntchito cholembera cha inki yosafufutika. Kalasi musailembe pa nsalu chifukwa chikutocho chidzapita naye mwana ku kalasi yotsatira.

Matumba ndi nsalu ya m'kati

Dulani nsalu ya m'kati ya masentimita 47 ndi 33, ya mtundu umodzi, makamaka yoyera kapena yotuwa imene singadetse kope. Dulaninso nsalu ziwiri za matumba, iliyonse ya masentimita 33 ndi 18, ndipo muipinde pakati mbali yowala ili kunja kuti ikhale 33 ndi 9, kenaka musite popindapo. Thumba losaya kuposa pamenepa limapulumutsa katoni mwana akatsegula kope mwamphamvu, pamene lakuya kwambiri limavuta kulowetsa.

Kasanjidwe kake n'kotere. Yalani nsalu ya zigamba mbali yowala ikuyang'ana kumwamba. Ikani thumba limodzi kumapeto kwa kumanja ndi lina kumanzere, mphepete zake zodulidwa zikufanana ndi mphepete za nsalu ya zigamba, ndipo mbali zopindidwa zikuyang'ana pakati. Ngati mukufuna pokolowekera cholembera, pindani lasitiki wa masentimita 6, mumulowetse pakati pa nsalu ya zigamba ndi thumba la kumanzere, chopindikacho chitaloza m'kati. Pamwamba pa zonsezi vundikirani nsalu ya m'kati mbali yake yowala ikuyang'ana pansi, ndipo bayani mapini mozungulira.

Sokani mozungulira pa sentimita imodzi, koma musiye mpata wa masentimita 10 osasoka m'munsi, pakati pa matumba awiriwo. Pamene pathera m'kamwa mwa thumba lililonse, pamwamba ndi pansi, bwerezani msoko kangapo chifukwa pamenepo ndi pamene pamakokedwa nthawi iliyonse imene kope likulowa kapena kutuluka. Musanachite china chilichonse, ikani tepi pakati pa msoko wa pamwamba ndi wa pansi, ndipo muone ngati ikusonyeza masentimita 31. Ikasonyeza 30 kapena kucheperapo, phwasulani msoko umodzi n'kuusokanso cha kunja pang'ono, pakuti pa nthawi ino kukonza sikunavute.

Mukakhutira, dulani nsonga za makona anayi mopendeka, kusiya mamilimita 2 kuchokera pa ulusi, kuti makonawo asadzatupe. Lowetsani dzanja pa mpata uja ndi kutembenuza chikuto chonse mofatsa. Mukaona kuti matumba atulukira ku mbali ya zigamba musade nkhawa, ingowatembenuzirani ku mbali ya nsalu ya m'kati monga mmene mumatembenuzira sokosi. Tulutsani makona ndi kumbuyo kwa pensulo kapena kamtengo kosasongoka, osati ndi nsonga ya sizasi imene imabowola nsalu. Pindirani m'kati mphepete za mpata uja, sitani chikuto chonse, ndipo tsekani mpatawo ndi manja mobisa ulusi. Atelala ena amakonda kuyendetsanso msoko wokongoletsa m'mphepete monse, koma ine ndimauletsa pamene pali matumba, chifukwa umadya mpata wopumira ndipo kope limakana kulowa. Amene akuufuna awonjezere theka la sentimita pa msinkhu wa nsalu pa nthawi yoyeza.

Poveka kope, pindirani katoni zonse ziwiri kumbuyo mpaka ziyandikane, zilowetseni m'matumba onse awiri nthawi imodzi pang'onopang'ono, kenaka tsekani kopelo ndi kulisalaza ndi dzanja.

Makope aang'ono a ku pulayimale

Makope ofewa amene ana a ku pulayimale amagwiritsa ntchito amatsata masamu omwewa. Ngati mwapeza masentimita 34 pozungulira ndi 21 mu msinkhu, nsalu ya kunja ikhale 37 ndi 24, kutanthauza mizere 3 ya zigamba 7, zonse pamodzi 21, ndi malamba awiri a masentimita 5.5 m'lifupi. Matumba ake adulidwe 24 ndi 14. Vuto la makope amenewa ndi lakuti pepala lawo la kunja ndi lofewa ndipo limapindika m'kati mwa nsalu, choncho dulani makatoni awiri opyapyala, monga a bokosi la tiyi kapena la sopo, ofanana ndi kopelo, muwalowetse m'matumba limodzi ndi pepala la kunjalo. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2, amene nthawi zina amakhalira kope lake kapena kulipinda kuti lilowe m'thumba la kabudula, ndi bwino kumudikira kaye mpaka atakula pang'ono.

Nsalu imateteza ku fumbi, thukuta la m'manja ndi kung'ambika, koma madzi imawamwa. M'nyengo ya dzinja dulani pulasitiki wochindikala, monga wa paketi ya shuga yotsukidwa ndi kuumitsidwa bwino, mumuyale pakati pa kope ndi chikuto, mapeto ake atalowa m'matumba. Musamusokerere ku nsalu, chifukwa singano imamusiyira mabowo ndipo simudzathanso kusita chikutocho.

Teremu ikatha, vulani chikuto, chotsani makatoni ndi pulasitiki, ndipo muchichape ndi manja m'madzi ozizira popanda kuchikwecha pa mwala. Chiyanikeni pa mthunzi chitatembenuzidwa kuti mitundu isasuluke, muchisite chikadali ndi kachinyezi n'kumachikoka pang'ono kuti chibwerere pa muyeso wake, ndipo musachiveke pa kope mpaka chitaumiratu, makamaka m'makona mwa matumba mmene nsalu zasanjikizana zinayi.